Kugoneka Injini

M'madoko a m'mbali mwa nyanja ya Malawi chuma cha munthu sachiwerengera ng'ombe monga achitira ku Mzimba kapena ku Chikwawa. Kumeneko funso limakhala lakuti, kodi ali ndi injini? Msodzi wa bwato ndi nkhafi amapha nsomba pamene pathera mphamvu za mikono yake, koma mwini boti la matabwa lokhala ndi injini kumbuyo amakafika kuzama kumene usipa ndi utaka zasonkhana, nabwerera kudoko dzuwa lisanawononge nsombazo. Chipangizo chimenechi, chimene mwamuna mmodzi wamphamvu amatha kuchisenza paphewa, chimadyetsa anthu ochuluka zedi: mwini wake, anyamata okoka chilimira, siginala woyatsa nyali, amayi oyanika nsomba pathandala, mpaka wogulitsa pamsika wa ku Lilongwe amene nyanjayo sadaionepo chibadwire.

Injini zoterezi sizidabadwire kuno ayi. Munthu amene adazitchukitsa ndi Ole Evinrude, mbadwa ya ku Norway imene idakulira ku Wisconsin m'dziko la America. Iye adapanga injini yake yoyamba yokoleka kumbuyo kwa boti m'chaka cha 1907, ndipo mu 1909 adayamba kupanga zogulitsa mumzinda wa Milwaukee. Injini za dzina lake zidalekeka kupangidwa mu 2020. Kampani ya Yamaha ya ku Japan idatulutsa yake yoyamba mu 1960, ndipo mtundu wake wotchedwa Enduro ndiwo wafala m'madoko a kuno, makamaka ya mphamvu za mahatchi 15 imene asodzi amangoti fifitini. Kwao kwa Evinrude madzi a m'nyanja amaundana n'kuuma gwaa m'nyengo yachisanu, kotero kuti eni injini akumeneko adazolowera kuzitsuula m'madzi chaka ndi chaka ndi kuzikonzera tulo ta miyezi ingapo. Nyanja ya Malawi siundana, komabe nayonso ili ndi nyengo yake yogoneka injini.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha pachilumba cha Mbenji m'boma la Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a m'dera la Makanjira akhala akutseka usodzi pachilumbachi. Disembala akafika aliyense amasamukapo, ndipo saloledwa kubwerera kufikira mwambo wotsegulira utachitika mu Epulo. Nsomba zimapeza mpata woswana, anthu amapeza mpata wolima, ndiponso amazemba mphezi za m'dzinja. Asodzi ena amangosamutsira makoka awo kumadoko ena, koma ena amakwezera boti kumtunda, natenga khasu. Kwa oterewa injini imakhala duu miyezi inayi yamvula.

Mmodzi mwa iwo adali mkulu wina wa m'mudzi woyandikana ndi doko la Chikombe, munthu waimvi ndi wosachulutsa mawu. Chuma chawo chonse chidali boti limodzi, chilimira chimodzi ndi fifitini imodzi, imene adaigula yogwirapo kale ntchito atagulitsa mpunga wa zaka ziwiri ndi mbuzi zonse za m'khola. Utoto wa injiniyo udasupuka kalekale, ndipo anyamata a padoko, amene mabwana awo adali ndi zatsopano zonyezimira, ankaitcha kuti agogo. Mkuluyo sankawayankha. Ankadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti adaziona zonyezimira zambiri zikufika ndi kukathera kwa makaniko zili zidutswazidutswa, agogo akadalirabe panyanja. Chaka china, maso atayamba kuwavuta usiku, chiwongolero adachipereka kwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo, mnyamata wochangamuka amene adamaliza Fomu 4 koma ntchito ya m'tauni isanamupeze.

Pa tsiku lachiwiri chichokereni pachilumba, mnyamatayo adapukuta injini ndi sanza, naikulunga m'matumba a feteleza, nati ntchito yatha. Mtima wake udali kale ku Salima kumene anzake ankamudikira. Malume ake adangoloza mgolo wopanda kanthu umene udali pansi pa mtengo wa mango, namuuza kuti audzaze madzi. Kenaka adalowa m'nyumba, natulutsa kabokosi ka masipanala ndi kabuku kothimbirira kamene kadabwera ndi injiniyo. Iwo Chingerezi sankachidziwa, koma kabukuko ankakasunga m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi chiphaso cha usodzi. Mnyamatayo adawerenga tsamba lonena za kasungidwe ka injini, naseka.

"Malume, zimenezitu adalembera anthu a kumaiko ozizira. Kumeneko madzi akatsalira m'injini amaundana n'kuphulitsa chitsulo. Nanga kuno ku Salima, kotentha chonchi, chiundane n'chiyani?"

"Wawerenga bwino, mphwanga. Tsono tatunga madziwo."

Kunena zoona, mnyamatayo sadaname. Madzi akazizira kufika pa madigiri 0 amasanduka ngati mwala, ndipo potero amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse. Kufufumako kulibe choletsa. Ku Canada kapena ku Norway madzi ochepa chabe otsalira m'mwendo mwa injini atha kuung'amba usiku umodzi wokha, ndipo n'chifukwa chake anthu akumeneko amathamangira kukhetsa madzi chisanu chisanafike. Zimenezo ku Salima kulibe. Pamene mnyamatayo adaphonya ndi poganiza kuti chisanu ndicho mdani yekhayo. Injini ikamagwira ntchito tsiku ndi tsiku imadzisamala yokha: petulo watsopano amatsuka njira zake, oyilo amanyowetsa zitsulo, kutentha kumapirikitsa chinyontho. Ikangoima zonsezi zimaima nazo, ndipo dzinja la kunyanja, lotentha ndi lachinyezi, limayamba kuidya mwakachetechete. Asodzi ambiri amadandaula kuti injini idawafera panyanja mu Meyi, pamene zoona zake n'zakuti idafa mu Febuluwale ili pakhonde.

Adakoleka injiniyo pathabwa, mwendo wake uli m'mgolo, madzi atakwirira timabowo timene imamwera. Injini ya boti ilibe thanki ya madzi ngati ya galimoto. Imamwa m'nyanja momwemo. M'kati mwa mwendo muli kapampu kokhala ndi kagudumu kamphira kamapikomapiko, kamene amakaniko amati impela, ndipo ntchito yake ndi kukankhira madzi kumutu kwa injini kuti akaiziziritse. Madzi omwewo ndiwo amateretsa mphirayo. Kuliza injini pamtunda popanda madzi, ngakhale kwa mphindi imodzi yokha, kumaipsereza. Alipo anyamata amene amachita zimenezi padoko pofuna kuonetsa wogula kuti injini ili moyo, osadziwa kuti akuipha wogulayo akuonerera. Chizindikiro chakuti pampu ili bwino ndi kamtsinje kamene kamatuluka kumbuyo, ndipo asodzi, amene sadziwa kuzungulira mawu, amati injini ikukodza. Ya mkuluyo idakodza ndithu, koma mofooka. Adasomola kabowoko ndi kawaya, mchenga nutuluka, komabe mphamvu sidabwerere yonse. Adangogwedeza mutu, nanena kuti impela yatsopano idzaikidwa podzutsa injini osati poigoneka, chifukwa mphira yokhala miyezi inayi itapindika pamalo amodzi imauma chopindika.

Injini ikulira choncho, mkuluyo adazula paipi ya petulo. Idapitiriza kulira kanthawi, kenaka idatsokomola kawiri, nikhala chete. Adamasula kabawuti ka pansi pa kabureta, ndipo madontho otsala adagwera m'chivindikiro cha chitini. Kabureta ndi kachipinda kamene petulo amasakanikiramo ndi mpweya asanakayake, ndipo timabowo take ndi tating'ono ngati diso la singano. Petulo akakhalitsa m'menemo, gawo lake lopepuka limauluka, n'kutsala phula lomata ngati utomoni. Phula limenelo ndilo limatseka timabowoto. Mwini injini yotere amakoka chingwe mpaka phewa kuwawa, natukwana mapulagi amene sadamulakwire kanthu.

Petulo wa ku Malawi ali ndinso khalidwe lake lapadera. Kuyambira mu 1982 dziko lino lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol, m'bale wake wa kachasu wochokera ku zotsalira popanga shuga. Fakitale yoyamba idamangidwa ku Dwangwa, ndipo ina idatsegulidwa m'boma la Chikwawa mu 2004. Nzeru imeneyi ndi yotamandika, chifukwa imachepetsa ndalama zakunja zogulira mafuta. Koma ethanol amakonda madzi. M'galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku zimenezi sizioneka, popeza petulo amatha asanadwale. M'thanki ya boti yokhala miyezi yambiri pachinyezi, ethanol amayamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo chikachuluka, iye ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukakhazikika pansi. Tsoka lake n'lakuti paipi imayamwa pansi pomwepo. Choncho mkuluyo adakhuthula thanki yonse, naitsuka, naiyanika chozondotsa. Petulo wotsalayo adamugulitsa tsiku lomwelo kwa mnansi wawo amene ankasamukira ku Senga Bay ndi khoka lake. Mnyamata uja adadandaula kuti mitengo ya mafuta imangokwera, bwenzi atasunga. Malume ake adati petulo si chimanga kuti angaikidwe m'nkhokwe.

Za oyilo mkuluyo adali wouma mtima kuposa pa china chilichonse. Fifitini ya mtundu uwu ilibe mosungira oyilo. Oyilo amathiridwa m'petulo momwemo, ndipo ndiye yekhayo amene amateteza mapisitoni ndi mabering'i kuti asakhulane. Muyeso wodziwika ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza kuti chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 400. Koma m'madoko ambiri muyeso ndi botolo la Fanta, limene limalowa mamililita 300 okha, ndipo ena sadzadza n'komwe. Enanso amathira oyilo wa galimoto, amene sapsa bwino ndipo amasiya mwaye pamapulagi ndi pamapisitoni. N'kwapafupi kuwanena anthu otere kuti ndi mbuli, koma ambiri mwa iwo muyeso amaudziwa. Chimene chimawakakamiza ndi usiku umene abwerako ndi ndowa imodzi ya usipa, ngongole ya petulo ili pakhosi ndipo ana akudikira ufa. Munthu wanjala amabwereka kwa injini, ndipo injini imakongoza mosadandaula, kufikira tsiku limene idzaitanitse ngongole yonse nthawi imodzi. Mkuluyo naye adagonapo ndi njala, koma botolo lake loyezera, lolembedwa mzere ndi msomali wamoto, sankalola kuti wina alisinthe.

Dzuwa litakwera adafika pa chimene iwo ankachiyembekezera. Kumunsi kwenikweni kwa mwendo wa injini kuli giyabokosi, kumene mphamvu yotsika kuchokera kumutu imakhotera kuti ikazungulitse pulopela. Magiya ake amakhala m'oyilo wawowawo wokhuthala, ndipo moyo wawo wonse amauthera pansi pa madzi. Chowalekanitsa ndi nyanja ndi timphete tamphira totchedwa sili. Pali tibawuti tiwiri, kena pansi kena pamwamba. Mkuluyo adapempha mbale yoyera yakale kwa mayi a pakhomopo, naitchera, namasula kapansi, kenaka kapamwamba. Oyilo wabwino amatuluka wooneka ngati uchi, kapena wakuderako ngati wagwira ntchito nthawi yaitali. Koma choyamba kugwera m'mbalemo chidali madzi, madontho angapo oyera mbee, ndipo pambuyo pake padatsika chinthu chotuwa ngati tiyi wamkaka.

Padali zii. Mkuluyo adaviika zala m'mbalemo, nazitikita pafupi ndi khutu ngati munthu wosankha mpunga, kufuna kumva ngati muli tizitsulo. Mudalibe.

"Pulopelayi udaichotsa liti, mphwanga?"

"Sindidaichotsepo, malume. Inkazungulira bwinobwino."

"Taichotsa."

Mnyamatayo adawongola kapini, namasula nati, nasolola pulopela. Kuseri kwake, pamtengo wachitsulo umene imazungulirapo, padali ulusi wa nayiloni wa ukonde utakulungana kambirimbiri. Kutentha kudausungunula, nuuma ngati chibangiri. Panyanja podzaza maukonde ndi zingwe za mbedza palibe injini imene ingapewe kutola ulusi wotere. Pulopela imauzinga osachedwa n'komwe, woyendetsa osamva kanthu, ndipo ulusiwo umakwawira m'kati mpaka kukacheka sili monga mpeni. Kuyambira pamenepo oyilo amatuluka pang'onopang'ono, madzi akulowa. Injini ikamayenda tsiku lililonse zosakanikirazo zimatetezabe magiya pang'ono. Koma ikaima miyezi inayi madzi amapatuka n'kukhazikika pamabering'i, ndipo dzimbiri limakumba timaenje pazitsulo zimene zimayenera kukhala zosalala ngati galasi. Sili yatsopano mtengo wake ndi wa ndowa zochepa za usipa. Giyabokosi yatsopano imatha kudya phindu la chaka chonse, ndipo eni maboti ena adasiyira pomwepo usodzi.

Mkuluyo sadakalipe. Adatola chibangiri cha nayiloni chija, nachiika m'dzanja la mphwawo, napita kukasamba m'manja. Mwina kukalipa kukadamupepukira mnyamatayo, chifukwa wokalipiridwa amapeza poyankhira. Iye adangokhala pamphepete pa mgolo akuchitembenuzatembenuza, ndipo za ku Salima sadazitchulenso tsiku limenelo.

Amene adamufotokozera gwero la kuuma mtima konseku ndi mayi a pakhomopo, pamene ankamupatsira nsima malume ake atapita kukaona mbuzi. Mkuluyo ali mnyamata ankakoka chilimira cha munthu wina. Tsiku lina madzulo, m'mwezi wa Juni, injini idawazimira pakati pa chilumba ndi mtunda, mwera utayamba kale kuwomba. Mwera ndi mphepo ya kummwera chakum'mawa imene imalamulira nyanja m'miyezi yozizira, ndipo popeza imayenda motsata utali wa nyanjayo, imautsa mafunde aakulu ngati nyumba. Ndi m'nyengo yomweyi pamene sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanja mu Julayi 1946, ndi kupha anthu 145. Tsono ngati sitima yachitsulo idagonja, boti la matabwa lili ndi chiyani? Chitetezo chake n'chimodzi chokha: kuloza mphuno kumafunde. Injini ikazima boti limatembenuka chammbali, ndipo funde lililonse limalowa. Usiku umenewo anthu asanu ndi anayi adakapa madzi ndi zitini mpaka zala kuchita dzanzi. Chilimira adachitaya m'madzi kuti boti lipepuke. Kutacha adatsakamira kugombe la ku Nkhotakota ali asanu ndi atatu. Makaniko atatsegula injiniyo adapeza kuti m'kabureta mudali madzi osadzaza n'komwe supuni.

Apa mpamene pali kuopsa kwa kalendala ya ku Mbenji. Chilumba chimatsegulidwa mu Epulo, ndipo pasanapite nthawi mwera umayamba. Injini imene idagona mosasamalidwa imadzuka ndithu, nilira masabata oyamba nyanja ili bata, mwini wake nakhulupirira kuti zonse zili bwino. Chilema chake chimadzaonekera pamene ikufunika kutulutsa mphamvu zake zonse.

Chakumasana ntchito idayenda mofulumira, pakuti tsopano mnyamatayo sankadikira kuuzidwa. Adathira oyilo watsopano m'giyabokosi kuti zitsulo zisagone pouma podikira sili, ndipo adaphunzira chifukwa chake amathirira pabowo lapansi mpaka atasefukira palapamwamba: wothirira pamwamba amatsekera mpweya m'kati, naganiza kuti wadzaza. Adamasula mapulagi onse awiri. Mkuluyo adawawerenga monga sing'anga awerengera lilime la wodwala, nanena kuti yofiirira ndi yathanzi, yakuda yonyowa yadya oyilo wambiri kapena woipa, ndipo yoyera mbuu yapsa. M'bowo lililonse adathira supuni yaing'ono ya oyilo, nakoka chingwe pang'onopang'ono kangapo kuti oyiloyo apake zipupa za masilinda, nabwezera mapulagi. Adapaka gilisi pamtengo wa pulopela, pazomangira ndi pamene chiwongolero chimakhotera. Chingwe cholizira adachisolola chonse, napeza kuti chayamba kuyoyoka pafupi ndi chogwirira, nachidula n'kumanganso mfundo.

Ngakhale asodzi amati kugoneka injini, injini sigona chogona. Imaimirira, mutu m'mwamba mwendo pansi, kuti madzi onse otsala m'njira zake atsike okha. Woigoneka pansi mwendo utakwera kuposa mutu amatumiza madziwo kudzera m'njira ya utsi mpaka m'masilinda. Mkuluyo adali ndi thabwa lokhomedwa pakona ya chipinda chawo chogona, ndipo ndi pomwepo pamene agogo ankakhala dzinja lonse. Mayi a pakhomopo adaleka kalekale kudandaula za fungo la petulo pazofunda, ngakhale nthawi zina ankauza anzawo kuchitsime kuti ali pamitala ndipo mkazi mnzawo ndi wa ku Japan. Panja injini sikadakhalitsa: akuba amadziwa bwino nyumba zimene eni ake ali kumunda. Matumba a feteleza aja adawakana, chifukwa pulasitiki amatsekera chinyezi m'kati ndipo chitsulo chimachita thukuta. Adaifunditsa chitenje chakale. Kabowo kokodzera adakatseka ndi kamtengo, kuopa mavu oumba dothi amene amakonda kumangamo. Pansi pake adatchera msampha, pakuti khoswe saona kusiyana kwa waya wa moto ndi chinangwa. Ndipo kamodzi pamwezi chingwe chidayenera kukokedwa kawiri kapena katatu kuti mapisitoni asakhale pamalo amodzi.

Alipo amene anganene kuti chisamaliro chotere ndi cha munthu wokhala ndi munda, amene ali ndi podalira nyanja ikatsekedwa. Mawuwa ali ndi choona chake. M'madoko ambiri injini sizipumanso. Nsomba za kufupi ndi gombe zidachepa, monga adaonera anthu a ku nyanja ya Malombe pamene chambo chidazimirira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo asodzi amakakamizika kupita kutali chaka chonse. Potero injini ikugwira ntchito yowirikiza pamene nthawi yoitsegula m'kati ikusowa, ndipo anthu akupita nayo kumene nkhafi sizingawabweze. Lamulo la ku Mbenji lidaikidwa poganizira nsomba ndi miyoyo ya anthu, koma mwangozi lidapatsanso mpata mwini injini woti akhale pansi ndi mbale yoyera, aone chimene nyanja yalowetsa m'chuma chake.

M'mawa mwake mnyamatayo adapita ku Salima ndithu, koma ulendo wake udali utasintha. Makaniko wa padoko adamuzulira sili zakale ziwiri zija, pakuti pamalopo zimakhala ziwiri zogundana, ndipo adaziika m'bokosi la machesi. Malume ake adamuwerengera ndalama zochokera m'chitini cha mbewu, namuchenjeza kuti asalandire chinthu chifukwa chakuti paketi yake ili ndi dzina lodziwika, popeza zachinyengo nazo zimavala dzina lomwelo. Aziika zatsopano pamwamba pa zakale, aone ngati zikulingana, ndipo atsine mphirayo amve kufewa kwake. Ku Salima adapeza impela yokha. Sili zimene adamuonetsa zidali zazikulu pang'ono, ndipo wogulitsa adalumbira kuti zimalowa akazimenya ndi hamala. Mnyamatayo adazibweza, nakwera minibasi ya ku Lilongwe ndi ndalama zimene adasungira nsapato. Adabwerako Lachinayi usiku mvula ikugwa. Malume ake adayatsa nyali, nayerekeza zatsopano ndi zakale kwa nthawi yaitali, kenaka adafunsa ngati wadya. Lachisanu m'mamawa awiriwo adamasula mwendo wa injini, naumanga pakaliyala ya njinga, nalunjika kwa makaniko matope asanachuluke m'njira.